Kufunsa Nduna Si Kugalukira Chipani

Pali maganizo ena amene amamera msanga m'chipani chilichonse chimene chatenga Boma, ndipo akamera safuna wothirira. Maganizowo ndi akuti phungu wa chipani cholamula amene waimirira m'Nyumba ya Malamulo ndi kufunsa Nduna funso lolasa ndiye kuti wayamba kugalukira, ndiponso kuti wogwira ntchito mu unduna amene wapereka makalata onse kwa aphungu wagulitsa bwana wake. Maganizo otere ndi olakwika, ndipo amawononga chipani chomwecho chimene eni maganizowo amayesa kuti akuchiteteza. Umboni wake ulipo wokwanira ku Scotland, dziko limene linasaina pangano la ubale ndi Malawi mu Novembala 2005, ndipo limene lakhala ndi Nyumba ya Malamulo yakeyake kuyambira m'chaka cha 1999.

Scotland si dziko loima palokha. Ndi mbali imodzi ya United Kingdom, ndipo kuyambira m'chaka cha 1707 malamulo ake onse anali kupangidwa ku London. Pa 11 Sepitembala 1997 anthu a kumeneko anafunsidwa ngati afuna Nyumba yawo, ndipo 74 mwa anthu 100 alionse amene anaponya voti anavomera. Motero m'mwezi wa Meyi 1999 aphungu 129 anakhala pansi mu mzinda wa Edinburgh, ndipo Bambo Donald Dewar anakhala Nduna Yaikulu yoyamba ya Scotland. Boma la ku London linasunga m'manja mwake nkhani za asilikali, za maubale ndi maiko akunja, ndi za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Nyumba yatsopanoyo inalandira zipatala, sukulu, apolisi ndi makhoti, ulimi, usodzi, nyumba zokhalamo ndi mayendedwe a anthu. Izi ndi nkhani za pakhomo, zimene munthu wamba amaziona ndi maso ake, kotero kuti Nduna ya ku Edinburgh ilibe kothawira pamene mzere wa odwala watalika kapena pamene sitima yalephera kufika pa doko.

Alendo ambiri amadziwa Nyumbayi chifukwa cha zochitika za Lachinayi masana, pamene Nduna Yaikulu imaimirira kuyankha mafunso a atsogoleri a zipani zotsutsa ndi a aphungu ena. Kuyambira m'chaka cha 2016 nthawi imeneyi ndi mphindi 45. Pamakhala phokoso, kuomba m'manja ndi kumenya matebulo, ndipo awailesi amakondwa nazo. Mwambowu uli ndi phindu lake, pakuti mtsogoleri amene akudziwa kuti Lachinayi adzafunsidwa pa maso pa dziko lonse sagona tulo osawerenga makalata a maunduna ake. Komabe gule amaitana anthu koma salima munda. Funso la mphindi imodzi limayankhidwa ndi yankho la mphindi imodzi, ndipo munthu wodziwa kulankhula angathe kutuluka m'menemo osanenapo kanthu.

Ntchito yeniyeni imagwiridwa m'zipinda za makomiti. Ku London kuli nyumba ziwiri, ndipo yachiwiriyo imaunikanso zimene yoyamba yavomereza. Ku Edinburgh Nyumba ndi imodzi yokha, choncho amene anaikonza anasenzetsa makomiti katundu yense wa kuunika. Lamulo lisanakhazikitsidwe limadutsa pa makwerero atatu. Poyamba komiti imaitana akatswiri ndi anthu amene lamulolo lidzawakhudza, niimva maganizo awo, kenaka Nyumba yonse imaweruza ngati cholinga chake chili choyenera. Kachiwiri komiti imawerenga ndime ndi ndime, kusintha ndi kuonjezera. Potsiriza Nyumba yonse imakambirananso ndi kuponya voti. Makomiti omwewo ndiwo amaitana Nduna ndi akuluakulu a mu unduna kudzafotokoza za kayendetsedwe ka ntchito, ndipo lamulo la 1998 limene linakhazikitsa Nyumbayi linaipatsa mphamvu yolamula munthu kubwera kudzachitira umboni kapena kupereka makalata. Komiti yolondoloza chuma cha Boma siloledwa kukhala ndi wapampando wa m'chipani chimene chili m'Boma. Ndipo munthu mmodzi yekha, ngakhale wopanda mnzake wosaina naye, angathe kutumiza dandaulo lake ku komiti yolandira madandaulo.

Pa pepala dongosolo limeneli ndi lokongola. Koma dongosolo limayesedwa ndi nkhani, ndipo nkhani imene inaliyesa koposa ndi ya sitima ziwiri za pamadzi.

Kumadzulo kwa Scotland kuli zilumba zambiri zimene anthu ake amadalira sitima pa chakudya, pa ulendo wa kuchipatala ndi pa malonda, monga momwe anthu a ku Likoma ndi ku Chizumulu amadziwira bwino. Mu Okutobala 2015 bungwe la Boma losunga sitima ndi madoko, lotchedwa CMAL, linapereka ntchito yokhoma sitima ziwiri zatsopano kwa kampani ya Ferguson Marine ya ku Port Glasgow, pa mtengo wa mapaundi 97 miliyoni. Sitima zonse ziwiri zinayenera kuyamba ntchito m'chaka cha 2018. Cholinga cha Boma sichinali choipa. Kampaniyo inali itangopulumuka kumene pa kutsekedwa, ndipo Boma linafuna kuti amisiri a m'mbali mwa mtsinje wa Clyde asataye ntchito. Koma panali vuto limodzi limene akuluakulu a CMAL analiona pangano lisanasainidwe: kampaniyo sinathe kupereka chikole chokwanira chotsimikiza kuti ndalama za Boma zidzabwezedwa zonse ngati ntchito italephereka. Iwo anachenjeza. Yankho linabwera lakuti Nduna zavomereza kuti ntchito ipitirire.

Zotsatira zake zinali zomvetsa chisoni. Mu Novembala 2017 sitima yoyamba, Glen Sannox, inatsitsidwa m'madzi pa mwambo waukulu pamaso pa Nduna Yaikulu ya nthawiyo, Mai Nicola Sturgeon, koma pambuyo pake kunadziwika kuti mazenera a chipinda cha woyendetsa anali ongojambula ndi penti. M'chaka cha 2019 kampaniyo inagwa, ndipo Boma linaitenga kukhala yake. Mu Disembala 2020 komiti yoona za kumidzi ndi mayendedwe, momwe munalinso aphungu a chipani cholamula cha SNP, inatulutsa lipoti lonena kuti ntchito yonseyo inalephereka koopsa. Mu Malichi 2022 mkulu wolondoloza chuma cha Boma anapeza kuti mtengo unali utafika pa mapaundi osachepera 240 miliyoni.

Koma chimene ogwira ntchito m'Boma ayenera kuchisinkhasinkha ndi china chimene mkuluyo anapeza. Iye anati panalibe makalata okwanira ofotokoza chifukwa chimene Nduna zinavomerezera pangano lopanda chikole chokwanira pamene zinali zitachenjezedwa. Taganizani, chigamulo cha mapaundi 97 miliyoni, koma wofufuza wa Boma sanapeze pepala lolongosola maganizo amene anatsogolera chigamulocho. Patapita milungu ingapo, mu Meyi 2022, Boma linatulutsa kalata ya pa kompyuta imene inapezeka mochedwa, yosonyeza kuti amene anavomereza anali Bambo Derek Mackay, Nduna ya za mayendedwe pa nthawiyo. Kalatayo inatchula munthu, koma sinathetse funso lakuti anavomerezeranji. Mu Novembala chaka chomwecho Mai Sturgeon anakhala pamaso pa komiti yolondoloza chuma kuyankha za zinthu zimene zinachitika zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo. Mlandu suola, ndipo mlembi amene salemba chigamulo cha Nduna yake pofuna kuipeputsira ntchito amaisiya Ndunayo yopanda chodzitetezera pa tsiku la mafunso.

Tsono funso lalikulu ndi ili: kodi aphungu anali kuti m'chaka cha 2015, madzi asanatayike? Apa pali mfundo imene siyenera kulumphidwa. Kasankhidwe ka aphungu ku Scotland kanakonzedwa mwakuti chipani chimodzi chisamapeze msanga mipando yoposa theka. Aphungu 73 amasankhidwa m'madera awo, ndipo 56 amasankhidwa m'zigawo zisanu ndi zitatu molingana ndi mavoti a chipani chilichonse. Pa zisankho zisanu ndi chimodzi zimene zinachitika pakati pa 1999 ndi 2021, kamodzi kokha ndi pamene chipani chimodzi chinapeza mipando yoposa theka, ndipo munali m'chaka cha 2011 pamene SNP inapeza mipando 69. Popeza mipando ya m'makomiti imagawidwa molingana ndi mphamvu za zipani m'Nyumba, chipanicho chinali ndi anthu ambiri m'makomitinso. Pangano la sitima linasainidwa m'nyengo yomweyo. Palibe amene angatsimikize kuti funso limodzi la phungu wa chipani cholamula likadasintha zonse. Koma ndi zoonekeratu kuti pamene chipani chili ndi mphamvu zonse, mafunso a otsutsa Nduna ingathe kuwanyalanyaza, ndipo funso limene limamveka ndi lochokera kwa mnzake wa m'chipani. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Eni ake a Nyumbayo anaiona nthenda imeneyi. M'chaka cha 2017 bungwe lounika kayendetsedwe ka Nyumba, lotsogozedwa ndi Bambo John McCormick, linapeza kuti makomiti sanali kugwira ntchito ndi mphamvu imene oyambitsa anayembekezera, ndipo pakati pa malangizo ake panali akuti apampando a makomiti azisankhidwa ndi aphungu onse m'malo mongotchulidwa ndi zipani zawo. Mu Malichi 2021 nthendayo inaonekeranso poyera. Komiti ya aphungu asanu ndi anayi inali kufufuza momwe Boma linayendetsera madandaulo okhudza Bambo Alex Salmond, amene anali Nduna Yaikulu kale. Mai Sturgeon anachitira umboni kwa maola asanu ndi atatu. Pa funso lakuti kodi iwo anasocheretsa komitiyo, aphungu asanu anati inde, ndipo anayi, onse a SNP, anati iyayi. Loya woima payekha, Bambo James Hamilton, anapeza kuti Maiwo sanaphwanye malamulo oyendetsera khalidwe la Nduna. Chigamulo cha komiti chimene munthu angathe kuchilosera pongowerenga mitundu ya zipani za okhalamo sichikhutiritsa aliyense. Otsutsa nawonso ali ndi gawo lawo pa cholakwa chimenechi, pakuti wolowa m'komiti atagamula kale sasiyana ndi wolowamo kudzatchinjiriza.

Sikuti zonse za ku Edinburgh ndi zolephera. Mu Januwale 2009 Boma la Bambo Salmond, limene linali ndi aphungu 47 okha, linabweretsa ndondomeko ya chuma imene inapeza mavoti 64 ovomera ndi 64 okana, ndipo Wapampando wa Nyumba anaponya voti yake kumbali yokana. Boma silinagwe. Nduna zinabwerera kukakambirana ndi zipani zina, ndipo sabata yotsatira ndondomekoyo inavomerezedwa.

Chitsanzo chopambana ndi cha mayeso a m'chaka cha 2020. Chifukwa cha mliri wa Covid-19 ana sanalembe mayeso, ndipo aphunzitsi ndiwo anapereka magiredi molingana ndi momwe ankawadziwira ana awo. Bungwe la mayeso linatsitsa magiredi pafupifupi 124,000, ndipo ana a m'madera osauka ndiwo anatsitsidwa kwambiri kuposa a m'madera olemera. Zotsatira zinatuluka pa 4 Ogasiti. Ana anadandaula poyera, aphungu anafunsa, ndipo otsutsa anakonza voti yosonyeza kuti alibe chikhulupiriro mwa Nduna ya Maphunziro, Bambo John Swinney. Pa 11 Ogasiti Bambo Swinney anaimirira m'Nyumba, napepesa kwa anawo, nalamula kuti magiredi a aphunzitsi abwezeretsedwe. Patapita masiku awiri voti ija inagonja, 67 kwa 58. Nkhani yonse inatha m'masiku khumi, ndipo munthu yemweyo anadzakhala Nduna Yaikulu mu Meyi 2024. Kupepesa sikunamuchotsere ulemu, ndipo chipani chake chinapambana chisankho cha 2021.

Akuluakulu a Chipani m'maboma ndi m'madera, pamodzi ndi alembi a m'maunduna, ayenera kuika nkhani ziwirizi pambali ndi pambali. Pa mayeso funso linafika msanga, Nduna inayankha msanga, ndipo cholakwa chinakonzedwa ana asanataye malo awo ku sukulu za ukachenjede. Pa sitima chenjezo linalembedwa koma silinafike kwa aphungu, chifukwa cha chigamulo sichinalembedwe mokwanira, ndipo mafunso anayamba ndalama zitapita kale. Kukhulupirika kwa phungu kwa chipani chake kumaoneka pa voti ya m'Nyumba, pamene Boma lifuna mphamvu yoyendetsera ndondomeko zimene linalonjeza anthu. M'chipinda cha komiti kukhulupirika komweko kumafuna kuti phunguyo awerenge makalata asanalowe, afunse za chikole, za mtengo ndi za tsiku lomalizira ntchito, ndipo asavomere yankho lozungulira chifukwa chakuti woyankhayo adya naye nsima madzulo.

Sitima ya Glen Sannox inayamba kunyamula anthu a pa chilumba cha Arran mu Januwale 2025, patapita zaka zoposa zisanu ndi chimodzi kuchokera pa nthawi imene inalonjezedwa. Pa tsikulo inzake, Glen Rosa, inali ikadali m'manja mwa amisiri ku Port Glasgow.