Kodi Mlendo Ndani Kuno ku Songani?

Abale anga, ndiri ndi mau owawa, ndipo ndiyamba kudzitsutsa nao ine mwini.

Mwezi wathawu ndinaima pa khomo la sukulu ina ya mkombaphala, kumene ana ang'ono asonkhana m'mawa kuphunzira ndi kumwa phala. Panafika mai wina wocokera kutsidya kwa Nyanja ya Cirwa, m'dziko la Mozambique, ali ndi mwana wace wa zaka 4, napempha kuti amlembe. Koma akuru a sukuluyo anati, "Phala ili nla ana a mudzi uno, inu simuli m'kaundula wa mfumu." Maiyo sanayankhe kanthu, anabereka mwana wace nabwerera. Ine ndinakhala cete, ndipo manyazi a tsiku lija ndiwo andigwiritsa colembera.

Kodi mwini nthaka ndani m'cigwa cino ca Domasi? Ayao a kwa Malemia anacokera kutsidya komweko pafupi ndi caka ca 1860, napeza Amang'anja. Mishoni wa Domasi anamangidwa m'caka ca 1884 ndi alendo a ku Scotland. Kuyambira ca m'ma 1900 Alomwe anafika ambirimbiri, pothawa msonkho ndi nchito yokakamiza ya Apwitikizi. Analima minda ya Azungu pa thangata, ndipo anthu anawanyoza ndi dzina loti Anguru, kufikira Lewis Bandawe ndi anzace anaimika bungwe lao m'caka ca 1943 kuti dzina lacipongwelo licoke. Funsani agogo anu kumene makolo ao anacokera: ambiri adzaloza kum'mawa. Potero pobweza mwana uja tinabweza agogo athu omwe.

Ndidziwa cimene mudzanena. Mudzati, "Ufa ucepa, cimanga tisonkha tokha, ndipo alezi a ana agwira nchito osalandira malipiro." Zoonadi. Koma ngati cobvuta ndi ufa, bwanji simunamfunsa maiyo ngati akhoza kutunga madzi, kutola nkhuni, kapena kulima m'munda wa sukulu? Simunamfunsa ufa, munamfunsa kwao. Mudzatinso, "Mwanayo sadziwa cinenero cathu." Ndaphunzitsa ana zaka zambiri, ndipo sindinaone mwana wosewera ndi anzace amene anakhala wosalankhula nao. Wom'mana cinenero ndife, pomtsekera kunja.

Pa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha m'caka ca 1992, dziko lino losauka linasunga othawa ofika miliyoni imodzi. Kodi lero tilephera cikho cimodzi ca phala? Malamulo akuru a Malawi a caka ca 1994 aletsa kusankha munthu cifukwa ca dziko lace, pfuko lace kapena cinenero cace. Ndipo kumbukirani ana athu ali ku Joni: akabwezedwa adzukulu athu pa khomo la sukulu kumeneko, tidzadandaula ndi pakamwa potani?

Zaka zoyamba za mwana sizibwerera. Iye amene afika m'kalasi loyamba wanjala, wamantha, wosagwirapo coko, atsalira, ndipo mawa tidzati, "Ana a obwera ngopusa," tiri eni ace amene tinawapusitsa.

Makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Cifukwa cace ndipempha mafumu, akuru a mpingo ndi amai a cigwirizano: lembani mwana ali yense wogona m'mudzi mwanu, osafunsa kumene anabadwira. Ine ndapita kale kwa mai uja kukapepesa. Inu mudzapita liti?

Mphunzitsi, Songani.