Kamera ikanama, banja lisathe

Sabata ino ndalandira kalata ya mayi wina wa ku Nchalo, ndipo ndati ndiyankhe poyera poti zipangizo zotere zayamba kuchuluka m'makomomu.

Mayiyu akuti amuna ake amagwira ntchito ku Johannesburg. Atabwera pa Khirisimasi anakonza kalilole wodabwitsa pabalaza: kuseri kwa galasi anaikako tabuleti ndi kakamera. Munthu akadutsa, galasi limayaka n'kuonetsa nthawi, kwinaku uthenga ukupita pafoni ya bambo ku Joni. Poyamba zinkayenda bwino, koma chiyambire Okutobala galasilo likumayaka lokha pakati pa usiku. Bambo akumaimba foni 2 koloko, ati walowa ndani m'nyumba mwanga? Pano nkhani yafika kwa ankhoswe.

Mwana wanga, pukuta misozi. Nawenso bambo, khala pansi umve. Ndili pantchito ya unamwino, makina a BP akaonetsa nambala yachilendo sitinkathamangira mankhwala ayi. Tinkamukhazika wodwala, kuona ngati lamba wamangidwa bwino, n'kuyezanso. Makina amanama, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dziwani kuti makamera ambiri otchipawa sadziwa munthu. Amangoyerekeza chithunzi cha tsopano ndi chimene ajambula kumene, ndipo pakasintha kanthu amati padutsa wina. Ndiye taganizani za Okutobala wa kuno kuchigwa. Ku Ngabu, ku Nsanje ndi ku Nchalo komweko kutentha kumaposa madigiri 40. Mawindo timagona osatseka, fani ili chizungulire, katani ikugwedezeka usiku wonse. Kwa kamera, katani imeneyo ndi mlendo. Onjezani nalimata woyenda pagalasi, ulusi wa kangaude, ngumbi za mvula yoyamba, kuwala kwa malole odutsa mumsewu wa M1, ngakhalenso magetsi kuthima n'kuyakanso. Zonsezi zimatumiza uthenga ku Joni.

Nanga mutani? Choyamba, musakangane pa uthenga, onerani kanemayo. Zipangizo zambiri zimasunga zimene zajambula pa memori khadi kapena pafoni, ndi nthawi yake yomwe. Tsegulani ya 2 kolokoyo muonere limodzi, ankhoswe ali pomwepo.

Chachiwiri, pukutani diso la kamera ndi kansalu kofewa kouma, muchotsenso akangaude. Fumbi la chilimwe limachititsa chithunzi kuthwanima, makamaka mumdima.

Chachitatu, kaliloleyo asayang'ane kuwindo, kufani kapena kukhomo loloza kumsewu. Pafoni pali malo olembedwa kuti sensitivity, tsitsani pang'ono. Ngati chipangizocho chimalola kusankha dera loti chiziyang'anira, kapena kuti chizizindikira anthu okha, teroni.

Chachinayi, kamera kukhala kuseri kwa galasi ndi vuto palokha. Galasi la mtundu umenewu limachepetsa kuwala, ndipo tinyale tofiira tothandiza kamera kuona usiku timabwezedwa ndi galasilo n'kuithobwa m'maso. Ndi bwino kuitulutsa, ikhale pamwamba pa felemu.

Amisiri ena amawonjezera kachipangizo kotchedwa PIR, kofanana ndi ka m'nyale za sola zija zimayaka munthu akafika pakhonde. Kameneka sikasamala mithunzi, kamamva kutentha kwa thupi. Koma nakonso kali ndi malire. Thupi la munthu limakhala pa madigiri pafupifupi 37, ndiye chipupa chikatentha mofanana ndi munthu, monga zimakhalira masana kuno, kamavutika kusiyanitsa. Sikamvanso kudzera m'galasi, choncho kaikeni poonekera.

Mukakonza, yesani sabata yathunthu. Tengani kope, muzilemba tsiku, nthawi ndi chimene chayatsa galasi, monga tinkachitira ndi tchati cha wodwala. Muzisintha chinthu chimodzi pa tsiku kuti mudziwe chimene chathandiza. Mukaona batire ya tabuleti yatupa ndi kutentha, zimitsani msanga, ingayambitse moto.

Tsopano ndilankhule nawe bambo. Kamera ndi mlonda wa katundu, si mlonda wa mkazi. Ngati mtima wako uli ndi chikayiko, ngakhale utagula makamera khumi sugona tulo. Kumudzutsa mnzako usiku uliwonse ndi mafunso ndi ziopsezo ndi nkhanza, ndipo lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 limawerengera nkhanza za m'maganizo, osati zibakera zokha. Mayi, zikapitirira ankhoswe atalephera, kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit.

Kwa makolo nonse, kamera isalowe kuchipinda chogona, kubafa kapena pomwe ana amavalira. Aliyense wa pakhomo, ndi wantchito yemwe, adziwe pamene ili. Sinthani pasiwedi imene inabwera ndi chipangizocho, chifukwa mukaisiya, mlendo wa pa intaneti angathe kusuzumira m'nyumba mwanu.

Mwana wanga wa ku Nchalo, undilemberenso mukaonera kanemayo. Ine ndikuganizira katani. Enanu musaseke, chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Tikumanenso Lamulungu likubwerali, ndipo kutenthaku muziwapatsa ana madzi akumwa pafupipafupi.