Za Pakhomo Pathu: Werengani Malamba, Osati Malo

Mwezi uno ndalandira kalata yochokera kwa bambo ena a m'boma la Kasungu, ndipo ndaganiza zowayankha pano poyera pakuti nkhani yawo ikukhudza mabanja ambiri. Bambowa ndi mlimi wa fodya ndi soya. Pakhomo pawo pali anthu khumi: iwowo ndi mayi a kunyumba, ana awo asanu, ana awiri amasiye a malemu mlongo wawo, ndiponso amayi awo owabala amene miyendo idayamba kuwavuta. Atasunga ndalama zaka zingapo, tsopano afuna kugula galimoto yoti izitenga banja lonse pa ulendo umodzi. Funso lawo nali: "Anzanga akuti ndigule yaikulu koposa, pakuti pa ngozi galimoto yaikulu ndiyo imapulumutsa. Kodi n'zoona?"

Bambo, anzanuwo anena zoona, koma zoona zake n'zapakatikati. Galimoto yaikulu ikawombana ndi yaing'ono, amene amapweteka kwambiri ndi a m'galimoto yaing'onoyo. Koma ngozi zambiri za m'misewu yathu sizifuna galimoto yachiwiri. Tayala laphulika, mbuzi yadutsa, wapanjinga wakhotera mumsewu mosayang'ana, woyendetsa wapotoza chiwongolero mwadzidzidzi, basi galimoto yasiya msewu n'kugubuduzika. Pa ngozi yotere kukula ndi kutalika kwa galimoto sikuthandiza konse, kawirikawiri ndiko kumaigwetsa. Ndipo nkhaniyi si yamasewera ayi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, m'lipoti lake la chaka cha 2023, lidanena kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa chaka chilichonse pa ngozi za pamsewu, ndi kuti ngozizi zimapha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 koposa nthenda ina iliyonse. Ana anu asanu ndi awiri aja, ambiri a iwo ali m'zaka zomwezi.

Kuti muone kuti maonekedwe amanyenga, tamvani izi. M'chaka cha 2018 bungwe la Global NCAP, limene limagula magalimoto atsopano n'kuwawombetsa dala ku chipupa pofuna kuona mmene angatetezere anthu, lidayesa bokosibode ya Nissan NP300 Hardbody yogulitsidwa ku South Africa. Galimoto yooneka yolimba ngati chitsulo cha njanji imeneyo sidapeze nyenyezi ngakhale imodzi pa chitetezo cha akuluakulu, pamene tina timagalimoto tating'ono tidachita bwinopo. Akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Tsono pamene mukusankha, maso anu asathere pa msinkhu ndi penti. Nazi zinthu zimene muyenera kuyang'ana.

Choyamba, werengani malamba, osati malo. Ife tidazolowera kuyeza galimoto ndi maso n'kunena kuti, "Apa pakhoza kupanikizana anayi." Koma munthu wopanda lamba sali pa mpando, ali pa ulendo wa mwayi chabe. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola ikawomba mtengo, munthu wosamanga lamba amamenyetseka ngati wagwa kuchokera pamwamba pa mtengo wotalika mamita 10. Wokhala kumbuyo amaponyedwa kutsogolo n'kuphwanya amene wakhala patsogolo pake, ngakhale mnzakeyo atamanga lamba. Galimoto ikagubuduzika, wosamangayo amatulukira pa windo, ndipo nthawi zambiri galimoto yomweyo imamugwera. Lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno amene timamuona leroyu adamukonza ndi Nils Bohlin wa kampani ya Volvo ku Sweden m'chaka cha 1959, ndipo kampaniyo idalola ena onse kutengera luso limeneli kwaulere poona kuchuluka kwa miyoyo imene likanapulumutsa. Kwa okhala kutsogolo, lamba amachepetsa imfa pafupifupi ndi theka.

Chifukwa chake, mukafika pogulitsira magalimoto, lowani m'kati, khalani pa mpando uliwonse, kokani lamba aliyense. Mumukoke mwamphamvu kamodzi kuti muone ngati agwira, ndipo mumumange kuti mumve ngati chomangira chake chikulira. Lamba wa m'chiuno mokha aposa kukhala wopanda kanthu, koma wodutsa paphewa ndiye woyenera. Magalimoto a Toyota Noah ndi Voxy, kapena Nissan Serena, amene afala kuno kwathu, amatenga anthu 7 kapena 8 basi. Banja la anthu khumi silikwanamo, ngakhale ana atakhala ochepa thupi chotani. Zokwana anthu khumi ndi monga Toyota Hiace kapena Nissan Caravan za mtundu umene ku Japan adaupangira anthu khumi.

Apa ndipo pali msampha waukulu. Ma Hiace ndi ma Caravan ambiri amene amafika kuno adapangidwira kunyamula katundu, ndipo mipando yakumbuyo adaiwotcherera ndi amisiri a kuno konkuno. Mipando yotere ilibe malamba, kapena malamba ake adangowakoloweka pa lata lopyapyala. Pa ngozi mpando wonse umazuka pamodzi ndi anthu ake. Weramani, suzumirani kunsi kwa mipando ndi kunsi kwa galimoto. Mpando wa ku fakitale umamangidwa ndi mabawuti aakulu pa malo olimbitsidwa, pamene wowotcherera umaoneka zipsera za moto. Mukaona zipserazo, tsazikani mwaulemu, pitani kwina.

Chachiwiri, ganizirani za kugubuduzika. Galimoto yaitali ili ngati mayi wosenza mtolo waukulu wa nkhuni: poyenda molunjika palibe vuto, koma akapunthwa pang'ono mtolowo ndiwo umamugwetsa. Anthu akamachuluka m'galimoto yotere, kulemera kumakwera m'mwamba ndiponso kumapita kumbuyo. Ku America kuli magalimoto otenga anthu 15 amene mipingo ndi sukulu zidawakonda kwambiri. M'chaka cha 2001 nthambi ya boma yoona za chitetezo cha pamsewu kumeneko, ya NHTSA, idachenjeza kuti pa ngozi za galimoto imodzi yokha, magalimoto amenewa akanyamula anthu khumi kapena kuposerapo amagubuduzika pafupifupi katatu kuposa pamene anyamula anthu ochepa. Phunziro lake likutikhudza ifenso, pakuti lamulo la kulemera silisankha dziko.

Tawerengani nokha. Anthu khumi, tikati aliyense alemera makilogalamu 60, ndiye kuti makilogalamu 600, chimodzimodzi matumba 12 a chimanga. Tsono pamwamba pa anthuwo mukamangenso matumba a ufa, nkhuni ndi njinga padenga, mwasenzetsa galimoto mtolo uja wogwetsa mayi. Katundu wolemera azikhala pansi, m'kati, womangidwa bwino. Anthu akakhala ochepa, aziyamba kudzaza mipando yakutsogolo.

Pali chipangizo chimene chimathandiza kwambiri pa vuto limeneli. Chimazindikira kuti galimoto yayamba kuterereka, n'kugwira buleki ya tayala limodzi pachokha kuti galimotoyo ibwerere m'njira woyendetsa asanazindikire n'komwe. Chidayamba kuikidwa m'magalimoto m'chaka cha 1995, ndipo ku Ulaya chidakhala chokakamiza pa magalimoto onse atsopano m'chaka cha 2014. A Toyota amachitcha VSC, a Nissan VDC, a Honda VSA. Magalimoto akale ambiri alibe. Pochifufuza, tembenuzani kiyi osaliza injini, muyang'ane timagetsi ta patsogolo pa woyendetsa. Mukaona kachithunzi ka galimoto kokhala ndi mizere yokhotakhota kunsi kwake, chipangizocho chilimo. Muonenso kagetsi ka ABS ndi ka zikwama za mpweya zija amazitcha airbag. Timagetsi tonseti tiyenera kuyaka kaye, kenaka n'kuzima injini ikalira. Kagetsi kamene sikayaka n'komwe mukakayikire, pakuti alipo ogulitsa ena osaongoka amene amazula babu pofuna kubisa chilema.

Chachitatu, matayala ndi mabuleki. Galimoto yonse, ndi anthu khumi ali m'katimo, imakhudza msewu pa malo anayi okha, aliwonse aakulu ngati chikhatho. Tayala limakalamba ngakhale mapanga ake akuoneka akuya. M'mbali mwake mumalembedwa manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene lidapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata la 23 la chaka cha 2019. Tayala lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi muliyang'ane ndi diso lokayika, ndipo lokhala ndi ming'alu kapena chotupa m'mbali musalikhululukire. Magalimoto ena ochokera ku Japan amabwera ndi matayala ofewa a nyengo ya chisanu, amene sayenerana ndi phula lotentha la ku Salima kapena ku Chikwawa. Hiace ndi Caravan zimafuna matayala olimba onyamulira katundu, osati a galimoto yaing'ono. Muyeso wa mpweya udalembedwa pa kachikwangwani ka pa khomo la woyendetsa. Muziyeza mpweya m'mawa matayala asanatenthe, osati kungomenya tayala ndi phazi.

Galimoto yolemera siima msanga. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi, phazi lisanafike n'komwe pa buleki. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Amene mudatsikapo Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, kapena phiri la Chiweta ku Rumphi, mukudziwa fungo lija la mabuleki opsa. Mabuleki akatentha kwambiri amaleka kugwira. Pa mtsetse wautali ikani giya yaing'ono kuti injini ithandize kugwira galimoto, ndipo ngakhale galimoto yosintha yokha magiya ili ndi malo oikira giya yaing'ono. Musanalipire ndalama, tengani makaniko wanuwanu, osati wa wogulitsa, akaone mabuleki, chiwongolero, masipuling'i ndi dzimbiri la kunsi. Safunsa adadya phula. Chiphaso cha COF n'chofunika mwa lamulo, koma chimangonena za tsiku limene galimoto idayesedwa, sichilonjeza za mawa.

Chachinayi, kumbukirani ang'onoang'ono ndi okalamba. Mwana wa m'manja sangatetezedwe ndi mikono ya mayi ake, ngakhale mayiyo amukonde chotani, pakuti pa kuwomba mwanayo amasolola ngati thumba lolemera loponyedwa. Kumanga lamba mmodzi mayi ndi mwana pamodzi n'koopsa koposa, chifukwa thupi la mayi limapana mwanayo. Mwana wamng'ono afunika kampando kake komangirira ku mpando wakumbuyo, ndipo kampando koyang'ana kumbuyo kasaikidwe kutsogolo kumene kuli airbag. Pa mtengo wa galimoto muwerengeretu mtengo wa timipandoti. Agogo nawo mupite nawo akayese kukwera ndi kutsika, pakuti galimoto ina ndi yaitali moti munthu wodwala miyendo amachita kunyamulidwa. Dziwaninso kuti kumbuyo kwa galimoto yaikulu kuli malo aakulu amene woyendetsa saona. Musabwerere m'mbuyo pabwalo musanazungulire galimoto ndi kuwerenga ana onse ndi maso.

Mwina mudzapeza kuti ndalama zanu zikukwana galimoto yotopa ya anthu khumi, kapena yabwinobwino ya anthu asanu ndi atatu. Pamenepo dzifunseni moona mtima kuti pa chaka ndi masiku angati amene nonse khumi mumayenda ulendo wautali pamodzi. Ngati ndi masiku owerengeka, tengani yabwinoyo, ndipo pa masiku amenewo anyamata awiri akuluakulu azikwera basi, kapena muziyenda kawiri. Musathere ndalama zonse pogula. Siyani zina za matayala anayi atsopano, inshuwalansi ndi mabuleki, pakuti walira mvula walira matope. Galimoto yaikulu imamwa mafuta ambiri, zipangizo zake n'zodula, ndipo mwini wake akasowa ndalama, choyamba kuchinyalanyaza ndi matayala.

Chotsiriza ndicho chovuta koposa, ndipo sichigulidwa ndi ndalama. Tsiku limene galimotoyo idzafika pakhomo, sidzakhala ya banja lanu lokha. Kukagwa maliro ku Dowa, kukakhala ukwati ku Mchinji, abale adzafika m'mamawa ndi zikwama zawo, ndipo mudzamva mawu aja akuti galimoto sidzaza. Padzakhala malume anu, padzakhala apongozi, anthu amene simudawayankhepo mawu okana chibadwire. Mtima udzakuuzani kuti muwapanikize, ana akhale pamiyendo, ndi ulendo umodzi wokha. Koma zonse zimene mwasankha mosamala zija zidzatha ntchito pa mphindi imeneyo.

Langizo langa ndi lakuti mugwirizane ndi mayi a kunyumba galimoto isanabwere, ndipo abale muwauze pa tsiku la mtendere, osati pa tsiku la maliro. Pamene abwera kudzaiona ndi kukuyamikirani, muwaonetse malamba, muwerenge nawo pamodzi, ndi kunena kuti, "Galimotoyi ndi yathu tonse, koma imanyamula anthu molingana ndi malamba awa." Otsala muziwathandiza ndalama ya basi ngati mungathe, kapena kuwabwerera ulendo wachiwiri. Adzadandaula mwezi umodzi, kenaka adzazolowera, ndipo ena adzayamba kukonda kukwera yanuyo podziwa kuti amafika bwino. Kuli bwino kunenedwa kuti ndinu woumira pa siwa ya munthu mmodzi, kusiyana ndi kuchititsa siwa ya anthu khumi a mtundu umodzi.

Bambo a ku Kasungu, mwachita bwino kufunsa musanagule. Mudzatilemberenso kutiuza imene mwasankha. Mwezi wamawa tidzakambirana za kasungidwe ka chimanga m'nyumba kuti anankafumbwe asatilande thukuta lathu. Tsalani bwino nonse, ndipo muziyenda mosamala.