Ndani Anawelenga Madola Amene Ali Kumbuyo kwa USDT?

Masiku ano pa Kulima Tower kapena pa City Market simungasowe mnyamata amene auza mnzake kuti, "Ine zanga nasunga mu USDT, kwacha niyosadalilika." Ena amene amaoda katundu kunja amalipilanso njila yomweyo. USDT ndi ndalama ya pa foni ya mtundu umene amati stablecoin. Kampani ya Tether imene imaipanga imalonjeza kuti USDT iliyonse ili ndi dola imodzi, kapena cuma colingana nayo, cosungidwa kwinakwake. Lonjezo ndi labwino, koma ndani anawelenga madolawo, ndipo anawelenga tsiku liti?

Amene muli m'magulu a village banking mudziwa cinyengo ca msungicuma wocenjela. Tsiku la msonkhano abwela ndi ndalama zonse, muwelenga, zakwana, muomba m'manja. Kansi theka anabweleka kwa mlamu wake usiku, ndipo mawa lake abweza. Palibe bodza limene wanena pa msonkhano, koma bokosi lilibe kanthu.

Izi zinacitikadi ku Tether. Ofesi ya loya wamkulu wa boma la New York inapeza kuti pa 1 November 2018 kampaniyi inaonetsa kalata ya banki yonena kuti ndalama zilimo, ndipo mawa lake inayamba kusamutsila madola mamiliyoni mazanamazana ku Bitfinex, kampani yacibale. Mlanduwo unatha mu February 2021, makampani awiliwo atalipila madola 18.5 miliyoni. Mu October caka comweco bungwe la CFTC la ku America linalipilitsa Tether madola 41 miliyoni, litapeza kuti pa miyezi 26 ya pakati pa 2016 ndi 2018, ndalama zokwanila zinalimo masiku 27.6 cabe pa masiku 100 alionse.

Ndiye cifukwa cake mau awili a Cizungu afunika kuwasiyanitsa, ngakhale otsatsa amawasakaniza dala. Attestation ndi pamene akatswili owelengela ndalama ayang'ana mapepala a tsiku limodzi ndi kuvomeleza kuti tsikulo ziwelengelo zinagwilizana. Audit ndi kufufuza mabuku a caka conse, ngongole, kumene ndalama zinacokela ndi kumene zinapita. Coyambaco ndi tsiku la msonkhano lija. Kwa zaka zambili Tether yakhala ikutulutsa ma attestation a miyezi itatu iliyonse, osainidwa ndi kampani ya BDO ya ku Italy. Ndi bwino kuposa kale, koma munthu akakuuzani kuti "ni audited, boss," mufunseni pepala limene waona.

Ngakhale ndalama zitawelengedwa bwino, pali nkhani ya kumene zili. USDC ya kampani ya Circle imadziwika kuti ndi yoonetsa mabuku. Koma mu March 2023 Silicon Valley Bank itagwa, kunapezeka kuti madola 3.3 biliyoni a Circle anali m'menemo, ndipo USDC inatsika mpaka pansi pa masenti 90. Inabwelela, koma amene anagulitsa ndi mantha analuza. TerraUSD, imene inadalila masamu a pa kompyuta m'malo mwa madola enieni, inagwa mu May 2022 ndipo sinadzukenso.

Maiko ena ayamba kumanga malamulo. Ku Europe malamulo a MiCA okhudza ma stablecoin anayamba kugwila nchito mu June 2024. Ku America lamulo la GENIUS Act, losainidwa mu July 2025, lifuna kuti dola iliyonse ikhale ndi cikole cake ndi kuti kampani izilengeza mwezi uliwonse zimene yasunga. Kuno kwathu, Bank of Zambia inanena mu 2018 kuti ndalama za crypto si ndalama zovomelezeka ndi lamulo, ndipo wozigula adzionela yekha zikavuta.

Ine sindikuti tayani USDT. Anthu sanaithamangile cifukwa ca ucitsilu. Anaona kwacha ikusungunuka m'thumba (ngakhale mu 2025 inalimba, ndipo osunga madola anadandaula). Cimene ndifuna ndi cimene timafuna pa minibasi. Pa galasi la kutsogolo pamakhala pepala la fitness la RTSA, lokhala ndi tsiku lothela, loti aliyense aone. Bank of Zambia ndi Securities and Exchange Commission angathe kulamula kuti app iliyonse yogulitsa stablecoin kwa anthu a m'Zambia ionetse poyela, munthu asanadinize "buy", dzina la amene anawelenga cikole, tsiku limene anawelenga, ngati inali audit kapena attestation, ndi boma limene liyang'anila kampaniyo. Pepala la caka catha likhale ngati fitness yotha.

Palinso kanthu kamene ogulitsa sakamba. Kuti Tether yeniyeniyo ikubwezeleni madola, mufunika kukhala ndi USDT yosacepela 100,000. Inu wa 50 USDT simudzafika pa windo limenelo. Tsiku la cipwilikiti, mtengo wanu adzaunena ndi uja amene mumagulitsana naye pa foni, amene amakutumizilani kwacha pa mobile money, ngati foni yake idzakhala yoyaka.