ZA NYIMBO NDI OIMBA: Liu la Mwamuna Liyesedwa Popanda Makina

Pakati pa anthu okonda nyimbo za ku Ulaya pali mkangano umene sukutha. Ena anena kuti Andrea Bocelli ndiye woimba wopambana, popeza nyimbo zace zimveka pa mawailesi m'maiko onse. Ena akana, nati iye sangaime pa mzere umodzi ndi Enrico Caruso kapena Luciano Pavarotti, amene anali akatswiri a opera.

Opera ndi sewero limene mau ace acita kuimbidwa, ndipo linayambira ku Italy ca m'ma 1600. Kawiri-kawiri mbali ya mnyamata wa m'nkhaniyo ipatsidwa kwa mwamuna wa liu lokwera, limene a makwaya alicha tena. Nchito yace ndi yowawa. Nyumba ya Metropolitan Opera ku New York ili ndi mipando pafupi-fupi 3,800, ndipo patsogolo pa woimbayo pakhala gulu lalikulu la oliza malipenga ndi zing'wenyeng'wenye. Iye ayenera kumveka kufikira mpando wotsiriza, wopanda maikolofoni. Mphamvu yotere icokera ku mpweya wosungidwa pansi pa nthiti, ndipo kuuweta mpweyawo kutenga zaka zambiri.

Caruso anabadwira m'banja losauka ku Naples m'caka ca 1873, namwalira mu 1921. Pamene anajambula nyimbo khumi pa malekodi a galamafoni ku Milan mu 1902, maikolofoni anali asanayambe kugwiritsidwa nchito pojambula nyimbo. Anali kuimbira m'cinthu conga nyanga, ndipo liu lace lokha ndilo linayendetsa singano yolemba pa phula. Pavarotti, mwana wa wophika buledi wa ku Modena, anayamba kuimba opera mu 1961. Mu 1972, ku New York, anakweza liu kufika pa noti yapamwamba yochedwa C nthawi 9 m'nyimbo imodzi, ndipo omvera anamuitana kuti abwerere patsogolo pao nthawi 17.

Oimba a mtundu waciwiri ndiwo otenga liu la opera ndi kuliika m'nyimbo zokondweretsa anthu wamba. Mario Lanza wa ku America anachuka ndi kanema wa moyo wa Caruso mu 1951, koma pa bwalo la opera anaonekapo masiku owerengeka cabe. Bocelli, amene analeka kupenya ali ndi zaka 12, anaphunzira za malamulo asanachuke ndi nyimbo ya Con te partirò mu 1995. Pamene anaimba opera yonse ku Detroit mu 1999, akatswiri ambiri olemba za nyimbo anati liu lace ndi lokoma ndithu, koma locepa mphamvu m'nyumba yaikulu. Maikolofoni akuza liu, koma salimbitsa cifuwa.

Ngakhale zili tero, kunyoza oimba otere ndi kulakwa. José Carreras anaonera kanema wa Lanza uja ali mwana ku Barcelona, ndipo pomwepo mtima wace unagwa pa kuimba. Iye yemweyo, atacira nthenda ya khansa ya m'magazi, anaima pamodzi ndi Pavarotti ndi Plácido Domingo ku Rome pa 7 July, 1990, usiku wakuti mawa lace kuli mpira wotsiriza wa cikho ca dziko lonse. Amuna atatuwa anaimba panja ndi maikolofoni, nasakaniza opera ndi nyimbo zodziwika. Kusiyana kwace ndi kwakuti ali yense wa iwo anali atayamba watha zaka 20 kapena kuposapo akuimba wopanda makina.

Motero mkangano uja suli wobvuta kuweruza. Lanza ndi Bocelli ayenera kuthokozedwa cifukwa cokopa makamu a anthu, koma ulemu wa ukatswiri ukhala kwa iwo amene liu lao linayesedwa lokha nilipambana.

Nkhaniyi ikhudzanso makwaya a m'midzi. Wotsogolera nyimbo pa maliro kapena pa cinamwali amamveka kutsidya kwa dambo ndi cifuwa cace cokha, koma lero anyamata ambiri safuna kuyamba nyimbo asanaone zokuzira mau. Tsiku limene batire lidzatha, cotsala cidzakhala liu limene munthu analiphunzitsa. Aphunzitsi a makwaya acita bwino kuyamba ndi mpweya, makina pambuyo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.