Cinenero Copanda R

Pa wailesi yathu ndine ndimalandira mafoni a omvera. Tsiku lina amai ena anaimba kudandaula za mitengo ku msika. Pofuna kunena "rice", cinamveka ni "lice". Anzanga mu studio anafa nako kuseka, maikolofoni ili yotsegula. Amai aja sanaimbenso.

Ndinawakumbukira nditapeza Toki Pona, cinenero cocita kupanga cimene Sonja Lang wa ku Canada anatulutsa mu 2001. Cili ndi zilembo 14 cabe: a, e, i, o, u monga zathu, ndiye j, k, l, m, n, p, s, t, w. R mulibe. Madzi ni "telo", koma mukanena "tero" mudzamvekabe, cifukwa palibe liu lina loti musokoneze nalo. "Pona", kutanthauza cabwino, mungachule "bona", zili cimodzimodzi.

Malamulo alimo ndithu. J amachulidwa ngati y. "Ti" ndi "wu" saloledwa. Mphamvu imagwera kuciyambi kwa liu, pamene ife tinazolowera kukoka cakumapeto, ndipo apo lilime langa likali kupunthwa.

Ena amati n'camasewera, mau ake ni ocepa. Zoona, sindingawerenge naco nkhani ya bajeti. Koma pa kachulidwe anaganiza bwino: anasiyira malo pakamwa pa aliyense. Cinyanja naco sicisintha tanthauzo cifukwa ca L ndi R, ndiye amai aja analankhula monga lilime lao linakulira.

Manje mu studio, woseka womvera ndimamutsekera maikolofoni.