PAKHOMO NDI KUSUKULU: Nyimbo ya Mwana Wokhala Kumbuyo



Mwezi wathawu kunagwa zovuta m'mudzi wina wa asodzi, pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay. Anatisiya ndi mayi wachikulire wa Mvano, ndipo monga mwa mwambo wathu tinachezera pasiwa usiku wonse. Mwera unali kuomba, ngalawa zonse zinali kumtunda, kotero kuti amuna tinachuluka pamoto. Pakati pa usiku, amayi atatopa ndi kuyimba, panangoti zii. Tsono kumbali ya amuna kunamveka mawu a munthu mmodzi akuyambitsa nyimbo ya chiyembekezo cha kuuka kwa akufa, imodzi mwa zija za m'buku la Nyimbo za Mulungu. Anayamba motsitsa ndi mosafulumira. Amayi m'nyumba muja anavomera, ife panja tinalowa ndi besi, ndipo anansi athu Achisilamu amene anadzakhala nafe analeka nkhani zao nayamba kumvetsera. Nyimboyo ndayiyimba zaka zoposa 40, koma usiku umenewo inandilasa mtima ngati ndiimva koyamba. Mtsikana wina wa kwaya anaijambula pa foni, ndipo kutacha anaitumiza kwa ana a malemu amene ali ku Johannesburg, amene analephera kufika pamaliro a mayi wao.

Nditasendera kufupi ndi moto kuti ndione woyimbayo, anaimirira nandigwira dzanja ndi manja awiri. Anavutika kutulutsa mawu, monga achitira munthu wachibwibwi, kenaka anati, "Aphunzitsi, kodi mwandiiwala?" Sindinamuiwale. Bambo ameneyu, amene lero ali ndi banja ndi bwato lake, ndiye mwana amene ine ndinamkhazika kumbuyo kwa kalasi.

Munali m'zaka zotsatira 1994, pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere, ndipo ana anadzaza sukulu ngati usipa pathandala. Ine ndinali mphunzitsi wongoyamba kumene, ndi ana oposa 100 a Sitandade 2 pansi pa mtengo. Mnyamatayu anali kubwereza kalasiyo kachitatu. Chilembo cha b ndi cha d zinali chimodzimodzi kwa iye; zimene waphunzira lero, mawa zauluka; ndikamloza kuti awerenge, lilime linali kumangika, anzake n'kufa nazo nseko. Ndivomere pamaso panu kuti ndinamuyesa waulesi. Ndinamlanga kangapo, ndipo potsiriza ndinamsiya kumbuyo kuti asandichedwetsere anzake. Bambo ake anali atanena kale kuti chaka chikatha amtenga akathandize kunyanja, pakuti sukulu yamkana.

Loweruka lina ndinapita kudoko kukagula ndiwo, ndipo ndinapeza asodzi akukoka khoka. Amene anali kuyambitsa nyimbo yokokera chingwe anali mnyamata yemwe uja. Mawu onse anali m'mutu mwake, ndime ndi ndime, ndipo chibwibwi panalibe ndi pang'ono pomwe. Ndinaima pamchenga paja ndi manyazi aakulu. Ndinadzifunsa kuti: ngati mutu uwu usunga nyimbo yaitali chotere, ulephera bwanji kusunga ma, me, mi, mo, mu? Lolemba lake ndinatenga mayimbidwe a nyimbo ya khoka ija, ndi kuikamo maphatikizo a malembo. Kalasi yonse inali kuyimba ndi kuomba m'manja, ine ndikuloza pabolodi, ndipo woyambitsa anali iyeyo.

Sindikunamizani kuti anasanduka wanzeru woposa onse. Anayenda pang'onopang'ono, ndipo analekeza Sitandade 5. Koma anachoka akudziwa kulemba dzina lake, kuwerenga kalata, ndi kuwerengera ndalama za nsomba zake popanda womubera. Usiku wa maliro uja buku la nyimbo linali m'thumba la jekete lake, lakutha ndi kugwiragwira.

Ana otere alipo m'kalasi iliyonse ndi m'Sande Sukulu iliyonse. Timawatcha maina oipa: mbuli, wogona, wopepera, ena timati analodzedwa kapena anakhwimiridwa ndi achibale. Koma zifukwa zake zenizeni n'zodziwika. Mwana wina anavutika pobadwa, nachedwa kulira. Wina anadwala malungo a mu ubongo ali wamng'ono. Madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anayamba kufufuza matendawa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre m'zaka za m'ma 1980, ndipo lero n'zodziwika kuti ena mwa ana ochira amatsala ndi khunyu kapena vuto la kukumbukira ndi kutchera khutu. Wina ananyentchera ali khanda. Wina samva bwino chifukwa cha mafinya a m'khutu, wina saona bwino pabolodi. Wina ali ndi nzeru zonse, koma ubongo wake uvutika kulumikiza chilembo ndi liwu lake. Ndipo kuno ku Mangochi tisaiwale mwana amene kwao ayankhula Chiyao chokha, nadzakumana ndi Chichewa ndi Chingerezi tsiku limodzi. Ameneyu alibe vuto lililonse m'mutu, angofuna nthawi ndi mphunzitsi wodekha.

Nanga nyimbo ithandiza bwanji? Choyamba, nyimbo imadula mawu m'zidutswa. Poyankhula timathamanga, mawu n'kumatana. Koma poyimba phatikizo lililonse limakhala ndi malo ake, ndipo mwana amalimva palokha. Kuwerenga kumayambira pomwepo. Mayi Usha Goswami, mphunzitsi wamkulu pa yunivesite ya Cambridge ku England, atafufuza zaka zambiri anapeza kuti ana ambiri ovutika kuwerenga amavutikanso kumva kugunda kwa mawu, ndiko kuti pamene liwu likwera mphamvu ndi pamene litsika. Kuomba m'manja, ng'oma ndi kuponda mwendo zimaphunzitsa khutu chinthu chomwecho. Chachiwiri, nyimbo imabwereza popanda kutopetsa. Mwana wochedwa kugwira zinthu afunika kumva chinthu kambirimbiri. Mukamuuza ndi pakamwa kakhumi, nonse awiri mupsa mtima, koma nyimbo aiyimba yekha popita kudambo. Chachitatu, kugunda kwa nyimbo kumauza lilime nthawi yoyambira, n'chifukwa chake anthu ambiri achibwibwi sachita chibwibwi poyimba. M'chaka cha 1973 madokotala a ku Boston ku America analemba za njira yothandizira anthu amene analeka kuyankhula atadwala matenda ofa ziwalo: anali kuwayimbitsa mawu afupiafupi, akuwagunditsa dzanja lamanzere, kufikira ena anayambanso kunena mawuwo popanda kuyimba. Chachinayi, ndipo kwa ine ndicho chachikulu, poyimba pagulu palibe woloza chala. Mwana amene tsiku lonse amva kuti walakwa, m'nyimbo apeza chinthu chimodzi chimene achita pamodzi ndi anzake, ndipo mantha akachoka nzeru zimayamba kutseguka. Paul Nordoff, katswiri wopeka nyimbo wa ku America, ndi Clive Robbins, mphunzitsi wa ana olumala wa ku England, anaona zomwezi pamene anayamba kugwira ntchito limodzi mu 1959 pa nyumba ya ana ya Sunfield. Ana ena amene sanali kuyankha munthu powayankhula anali kuyankha ng'oma ndi limba.

Komatu nzeru imeneyi si ya Azungu okha, ndipo si yatsopano. Pa Deuteronomo 31, Mose ali pafupi kufa, Mulungu anamlamula kuti alembe nyimbo ndi kuiphunzitsa ana a Israyeli, chifukwa anadziwa kuti malamulo adzaiwalika koma nyimbo idzatsala pakamwa pa zidzukulu zao. Mose yemweyo, monga timva pa Eksodo 4, anali munthu wa lilime lolemera, ndipo Mulungu sanamkhazike kumbuyo. Pa 1 Samueli 16 mtima wa Sauli unali kukhazikika Davide akamuyimbira zeze. Agogo athunso anatiphunzitsa mwambo ndi nyimbo za m'nthano ndi za pamtondo tisanaone choko. Ngakhale mpingo wathu unakula ndi nyimbo. M'boma lathu lomwe lino, pa Cape Maclear, ndi pamene sitima ya Ilala inafikitsa Dr Robert Laws ndi anzake mu October 1875, ndipo anakhalapo kufikira anasamukira ku Bandawe mu 1881. M'sukulu za mishoni za Askotishi ana anali kuphunzira kuyimba ndi do, re, mi, njira imene Mayi Sarah Glover wa ku Norwich anayambitsa, ndipo Mbusa John Curwen anaifalitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1840 pofuna kuti ana a Sande Sukulu ndi anthu wamba azitha kuyimba. Buku la Nyimbo za Mulungu linatuluka mu 1916, ndipo mwa ilo amayi ndi abambo ambiri osadziwa kuwerenga anasunga chiphunzitso chonse cha chipulumutso m'mitima mwao. Chida chimene chinathandiza makolo athu osapita kusukulu tichimana bwanji mwana wathu wovutika kusukulu?

Tsono ndipemphe zinthu zingapo. Inu makolo, yimbani ndi mwana wanu madzulo aliwonse pa mapemphero a pabanja, ndime imodzi yokha, yomweyomweyo sabata yathunthu. Akaidziwa pamtima, mtsegulireni buku ndi kumlozera ndi chala mawu amene akuyimbawo, kuti diso lione chimene pakamwa padziwa kale. Dzina lake, maina a abale ake, masiku a sabata, miyezi ndi manambala, zonsezi ziikeni m'mayimbidwe amene awakonda, ndipo muombe m'manja kamodzi pa phatikizo lililonse. Mphindi 10 zikwana. Akatopa lekani, ndipo musamkalipire akaphonya. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana wina phokoso lalikulu limamuzunguza, natseka makutu. Ameneyo muyimbireni motsitsa, muli awiri.

Inu aphunzitsi anzanga a pulaimale ndi a Sande Sukulu, mwana wochedwa mkhazikeni patsogolo, osati kumbuyo monga ndinachitira ine. Mpatseni ntchito m'nyimbo: ng'oma, chisekese, kapena kuyambitsa mzere woyamba. Vesi loloweza liyambe layimbidwa lisananenedwe.

Inu achinyamata a kwaya, mawu anga kwa inu ndi olemera pang'ono. Ndaona makwaya athu akubweza ana otere chifukwa asokoneza sitepe, kapena chifukwa kuli mpikisano ndipo afuna chikho. Chikho n'chabwino, koma kwaya ya mpingo si ya oyimba bwino okha. Ana amene anafuula m'Kachisi pa Mateyu 21 sanayesedwe mawu, ndipo pamene akulu a nsembe anaipidwa nao, Ambuye anawaikira kumbuyo. Kwaya iliyonse itenge mwana mmodzi kapena awiri otere, ndipo mmodzi wa inu akhale mnzake womuyimika pambali pake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ndichenjezenso kuti nyimbo si mankhwala. Mwana wakugwa khunyu, wotuluka mafinya m'khutu, kapena wosuzumira pafupi kwambiri powerenga, apite naye kuchipatala msanga, ndipo mankhwala a khunyu asalekezedwe popanda mawu a dokotala. Kambiranani ndi mphunzitsi wamkulu wa pasukulu panu, mufunse ngati m'dera lanu muli mphunzitsi wa ana ofuna chithandizo chapadera. Aphunzitsi otere amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, kumene maphunziro osamalira ana ovutika kuphunzira anawonjezedwa mu 1996 pamwamba pa aja a ana osaona ndi osamva. Koposa zonse, musamchotse mwana sukulu ndi kumtumiza kunyanja kapena kubanja chifukwa chakuti wabwereza kalasi. Nyanja siithawa, ubwana ndiwo ukapita subwerera.

M'mawa mwa maliro aja, tikuchokera kumanda, bambo uja anandiperekeza kufikira pamsewu. Anandiuza kuti mwana wake wachiwiri, wamkazi, ali Sitandade 1 ndipo malembo akumzungulira monga anachitira iye. Ndinamfunsa kuti, "Nanga mukuchitapo chiyani, bambo?" Anaseka, nati madzulo aliwonse asanapite kukayatsa nyali za usipa amakhala naye pakhonde ndi kumuyimbitsa ma, me, mi, mo, mu, m'mayimbidwe a khoka omwe aja. Ndinampempha kuti andikhululukire za masiku amene ndinamlanga wosalakwa. Iye anangoti, "Zinatha, aphunzitsi," ndipo anandinyamulira njinga kuoloka mchenga.

Mtsikana wa kwaya uja anachita bwino kutumiza nyimbo ku Johannesburg, pakuti nyimbo imene yatonthoza mtima wako si yoti uisunge wekha. Koma pamene tikutumizira akutali, tikumbuke mwana amene ali m'nyumba mwathu momwe, amene palibe anamuyimbirapo modekha. Mwezi uno sankhani nyimbo imodzi imene inakugwirani mtima pa nthawi ya chisoni kapena ya chimwemwe, muphunzitse mwana mmodzi wotere, ndipo mulembere a Mkonzi kutiuza nyimboyo ndi zimene mwaona. Makalata anu tidzawerengera limodzi patsamba lino.

Ambuye akhale ndi mabanja anu onse kufikira tidzachezenso mwezi wamawa.